Mchere wa Kuhotela

Lolemba

Ndikupita ku Tete kukagona m'hotela ya azungu. Ine, mphunzitsi wa m'aldeyamento ya ku Chiputo, amene ndimagona ndi mbuzi za apongozi kumiyendo kuyambira pamene atropa, asilikali a atsamunda, anatisonkhanitsa m'kati mwa waya waminga!

Chifukwa chake n'chakuti kukubwera alendo a ku Ulaya kudzaona ngati boma likutisunga bwino. Pakufunika munthu wakuda mmodzi woti azioneka akudya ndi mpeni ndi garufu. Ashefi a posito, mkulu wa boma kuno, afunafuna dera lonse la Maravia, apeza ine. Zaka zonse zija ku univerisidade, Chilatini, malamulo a Aroma, lero ntchito yake yapezeka: kutafuna anthu akuonerera.

Andibwereka fatu, ndiye kuti jekete ndi buluku lake, ya mlembi wina amene anathawa nkhondo. Malangizo a ashefi: "Umwetulire, utafune, ukafunsidwa unene kuti wayayu ndi wokutetezani ku mikango."

Koma ine ndili ndi ulendo wanga m'kati mwa ulendo wawo. Mchere!

Kuno mchere ndi chida cha nkhondo. Boma linaganiza mozama, n'kupeza kuti anyamata a kutchire akasowa mchere adzataya mfuti. Ndiye m'kantina mulibe, pachipata amakhuthula thumba lililonse, ife tikudya ndiwo za chidulo mwezi ndi mwezi. Anyamatawo akuombabe. Amene akugonja ndi Rozalina, mkazi wanga. Akuyamwitsa, ndiwo zikumukanika kumeza, chibangili chayamba kukwera mpaka pachigongono.

Apongozi sandilankhula maso ndi maso, mwambo sulola. Amauza thadzi lawo lankhuku, ine nditakhala pomwepo. Lero m'mawa: "Iwe nkhuku, mkamwini wa kwa Anabanda satha kulemba dzina lake, koma walima mpaka kudambo. Wathu akuti amadziwa Chilatini. Kaya kumene akupitako akakumbuka kuti mwana wanga akuuma?"

Nkhuku yandiyang'ana ndi diso limodzi. Ndalumbira pamaso pake: sindibwera chimanjamanja.

Tikukwera kandege ka atropa. Ndikusanza mwaulemu.

Lachiwiri

Hotela! Zimene ndaona mpaka pano:

- kachipinda kokwera kokha kumwamba, anthu ali momwemo osachita mantha;
- makina opuma mphepo ya mwezi wa chisanu, pamene kunja Tete akuwotcha ngati ng'anjo;
- bedi loti pagone banja lonse la apongozi, mbuzi n'kupeza malo;
- kuchimbudzi mabeseni awiri, lina lalifupi, lofika m'mawondo. Ntchito yake ku univerisidade sanatiphunzitse. Ndasambamo mapazi, ndikuganiza kuti ndalakwa;
- anthu ovala zoyera amene amatola chilichonse ukangochiika pansi. Ndavula nsapato, ndatembenuka, palibe. Zabwera zikuwala ngati mphumi ya wansembe.

Koma zonsezi n'zachabe. Chachikulu chili kodyera. Pa meza iliyonse pali kabotolo ka mchere. Kali kokha! Kopanda msilikali, kopanda waya, kopanda wokufunsa dzina la bambo ako.

Ndikumwetulira, ndikutafuna, dzanja lamanzere likugwira ntchito ya dziko pansi pa nsalu ya meza. Pofika pa khofi thumba la jekete lalemera ndithu.

Masana atitenga kukaonetsa alendo sikola yatsopano ndi mtsinje. Dzuwa la ku Tete silidziwa munthu wophunzira. Thukuta kumsana, thukuta m'khwapa, thukuta m'thumba. Pobwerera ndipisa dzanja: matope okhaokha. Mchere wa Rozalina wasungunuka.

Palibe kanthu. Mawa kulinso meza.

Lachitatu

Ndadzuka, ndagwira jekete. Thumba lauma gwa, layera mbuu. Ndanyambita. Mchere! Sunapite kulikonse, wangolowa m'nsalu.

Apa ndiye sukulu ikuoneka. Ndakhala pabedi, ndalingalira ngati munthu wa mabuku:

Choyamba, mchere wa m'thumba amaugwira pachipata.
Chachiwiri, mchere wa m'nsalu suoneka.
Chachitatu, palibe lamulo loletsa munthu kuvala jekete.

Ndiye ndisungunula mchere m'madzi, ndiviika fatu yonse, ndiyanika, ndivala. Kumudzi tikaiviikanso, madziwo n'kuwiritsa. Ndidzalowa m'aldeyamento ngati nsomba youma yoyenda ndi miyendo. Mkamwini wa kwa Anabanda akanaganiza zimenezi? Alime!

Vuto ndi timabowo ta kabotolo. Ting'onoting'ono, ngati chifundo cha boma. Ndikugwedeza, ndikugwedeza, mkono kuchita dzanzi. Ubwino wake, kakangotha wovala zoyera amabweretsa kena asanakufunse. Kumwamba kuyenera kukhala kotere.

Mwa alendo muli mayi wina wa imvi, akuti ndi dotolo kwawoko. Wakhala moyang'anana nane. Maso ake sakuchoka pa dzanja langa. Ndikumwetulira monga ndinalamulidwira. Iye sakumwetulira.

Zokolola za lero: kansalu kopukutira pakamwa kodzaza theka. Fatu ikufuna zambiri. Tilimbe.

Lachinayi

Tsoka limabwera litavala chifundo.

Pa chakudya cha m'mawa mayi dotolo wandigwira pamkono, wayang'ana koloko yake, wapukusa mutu. Womasulira akuti: "Akuti bambo awa mchere uwapha. Sanaonepo munthu wothira mchere pa papaya."

Ashefi aona mwayi woonetsa kuti boma limasamala anthu ake. Aitana mkulu wa hotela, bambo woonda wa kandevu kopaka mafuta. Iye wandiweramira, akunditchula ndi dzina laulemu la anthu ophunzira: "Sinyoro dotoro sadzaonanso mchere m'nyumba ino."

Ndipo ndi munthu wosunga mawu. Kabotolo kachoka pa meza yanga. Ndasamukira pa meza ina, kachoka ndisanakhale pansi. Kukhitchini akundiphikira padera. Ndawoloka Zambezi pa ndege kudzadya ndiwo zopanda mchere, zopandanso ngakhale chidulo! Mfundo ya boma yanditsatira mpaka m'hotela, kungoti kuno imawerama.

Sindigonja.

Ndikuzungulira kuseri kwa nyumba kuti mtima utsike, ndipo ndikuona chinthu choimitsa magazi. Wophika akukhuthulira mungalande madzi a m'chidebe chachikulu. Mawa n'Lachisanu, azungu sadya nyama, ndiye aviika bakalyau, nsomba yawo ija youma ndi mchere, kuti isukuluke. Madzi ake akutaya. Akutaya! Mudzi wonse wa Chiputo ukupita mungalande ine ndikuona.

Ndathamangira kuchipinda, ndanyamula lamya. Ndati mapazi anga amatupa, ndipo mankhwala ake kwathu ndi madzi a nsomba. Mkulu wa hotela: "Mlendo wathu safunsidwa chifukwa." Ndowa zakwera pa kachipinda kaja, zitaphimbidwa ndi nsalu yoyera, pambali pali duwa.

Ndathira m'bafa, ndawonjeza wa m'kansalu uja, ndamiza fatu. Jekete likumwa, buluku likumwa. Ine ndafunda nsalu ya pabedi, ndatumiza mawu kuti ndadwala. Mayi dotolo akuti anandichenjeza.

Pawindo ndaona woyendetsa lole wa kwathu, akunyamuka ndi koluna ya lero, mzere wa malole woperekezedwa ndi asilikali. Ndamukuwira uthenga wa Rozalina: atunge madzi mumtsuko waukulu uja oti tidzaviikemo jekete lamchere, adikire Lamulungu. Auzenso nkhuku.

Lachisanu

Fatu yauma pakhonde. Sikufuna chopachikira, ikuima yokha. Ndikanatha kuitumiza kuphwando ine n'kutsala.

Kulowamo ndi ntchito. Mawondo sakupindika, manja atambasuka ngati choopsezera mbalame m'munda wa mapira. Ndikasuntha ikulira ngati tsekera. Ndanyambita kolala: Rozalina, wachira!

Pali kanthu kamodzi kamene Chilatini sichinandiuze. Fungo.

Lero ndiye phwando lalikulu lotsanzikana ndi alendo. Ndalowa m'kachipinda kokwera, anthu onse atulukira pa nsanja yoyamba. Kodyera andipatsa malo aulemu. Amene ali kumanja kwanga akumbuka kuti aiwala kanthu kuchipinda. Wakumanzere akudya atatseka mphuno ndi kansalu, akuyang'ana mbale yake ya bakalyau mokayika.

Obwera osaitanidwa:

- ntchentche, zoyamba kufika;
- mphaka wa kukhitchini;
- abale ake a mphakayo;
- galu wa mkazi wa mkulu wina wa atropa, amene akuti chibadwire sanakondepo munthu wakuda.

Mlendo wina waimirira, wafunsa ngati anthu a m'aldeyamento ali okondwa. Ndaimirira pang'onopang'ono, fatu ikuthetheka. Ndanena za mikango, mawu onse monga anandipatsira, mphaka akunyambita mwendo wa buluku. Aomba m'manja mofulumira kuti ndikhale pansi. Pokhala, timiyala toyera tagwera pakapeti. Ndatiponda.

Ashefi, mano ali gwa, pakhomo: "Iwe, ukununkha ngati doko la ku Beira. Wanyozetsa boma." Mkulu wa hotela wangoyang'ana jekete, nkhope yake ngati ya munthu amene waona mwana wamasiye.

Thupi lonse likuyabwa, m'khwapa mwasupuka. Zilibe kanthu. Mfumu ya Aroma inanyozedwaponso.

Ndapachika fatu m'kabati, ndakhoma. Anthu otola aja ndikuwadziwa tsopano, sangandipusitse. Kiyi ndabisa pamalo oti munthu sangaganize: m'kati mwa nsapato.

Loweruka

Nsapato!

Zili pakhomo, zikuwala. Pambali pake kambale, pakambale kiyi. Pachitseko papachikidwa fatu. Yofewa. Yosita. Yonunkhira maluwa. Pachifuwa abayapo duwa lofiira.

Ndanyambita kolala. Ndanyambita thumba, mkono, mpendero wa buluku, ngakhale m'khwapa. Sopo.

Mkulu wa hotela wabwera yekha kudzalandira kuthokoza: "Ndi mphatso ya nyumba ino, sinyoro dotoro. Amayi ochapa anavutika nayo, kutsukuluza ndi kutsukuluza, koma yonse yachoka. Musadandaule, sitiuza munthu."

Ndamuthokoza. Ndinaleredwa bwino.

Ndafunsa madzi ena a bakalyau. Akuti nsomba inadyedwa dzulo, ina adzaviika sabata yamawa. Ndatsikira kochapira kufunsa kumene madzi amapita. Mungalande. Ngalande imapita ku Zambezi, Zambezi kunyanja yamchere. Wokhala nazo adzapatsidwa zina, monga kunalembedwa.

Pali chakudya cha masana, ndikuyesabe. Kabotolo kakundithawa monga mwa masiku onse. Mayi dotolo anakwera ndege m'mawa, koma chifundo chake chatsala.

Alendo atapita, nanenso ulendo wanga watha. Chipinda chikufunika. Kandege kadzaza, akutero ashefi. Ine ndikwera koluna pamodzi ndi matumba a simenti.

Podikira malole ndaima pamsika. Mchere uli pamphasa, milumilu, ukuwala padzuwa ngati sukudziwa kuti kuli nkhondo. Dzanja lapita lokha. Kenako ndakumbuka bambo wina wa ku Chiputo, wa kuseri kwa tchalitchi, amene anamupeza ndi mchere m'chikho pachipata. Anamutenga kukamufunsa mafunso. Mkazi wake akumusungirabe mphasa. Rozalina akufuna mchere, koma mwana akufunanso bambo.

Ndabweza dzanja. Ndaganiza ngati munthu wophunzira.

Lamulungu

Koluna ikuyenda ngati maliro, asilikali patsogolo akubaya msewu ndi ndodo kufuna mabomba. Fatu ndavula, ndaipinda m'pepala kuti isade. Ndi ya boma. Ndavalanso titayandikira Chiputo.

Pachipata, mzere. Matumba akukhuthulidwa, mitolo ikumasulidwa, mayi wina amuswera chikho. Yafika nthawi yanga. Msilikali wayang'ana jekete, wayang'ana duwa, wayang'ana nsapato. Wagunda zidendene, dzanja pamphumi: "Pitani, sinyoro dotoro."

Osagwira ngakhale thumba limodzi. Ndikanasenza saka lathunthu pamutu, akanandithandiza kutula.

Kunyumba uthenga unafika, ndipo unabala ana. Mtsuko uli pakati pa bwalo, wodzaza. Amayi a mzere wathu wonse akhala pansi, aliyense ndi kachikho kake. Anabanda alipo. Mkamwini wawo waimirira kumbuyo, khasu paphewa.

Woyendetsa lole anawafotokozera zonse, ndiye palibe wondifunsa. Rozalina wandivula jekete, wapereka kwa amayi ake ndi manja awiri. Apongozi amiza mkono wa jeketelo mumtsuko, afinya, alawa. Amizanso. Alawanso. Bwalo lonse likununkhira maluwa.

Amayi a mzere aja anyamuka mmodzimmodzi. Anabanda apempha madziwo, akuti sopo nayenso akusowa.

Rozalina sanandikalipire. Wandiyang'ana, ndili chiimire, thukuta la ulendo likuyenderera. Wapititsa chala pamphumi panga, waika palilime. Waseka mpaka kukhala pansi, mwana ali kumsana akudzuka. Sindinamumve akuseka chonchi chiyambire waya. Madzulo wadya ndiwo za chidulo pang'ono, akuti kuti ndisachite manyazi.

Apongozi ayanika jekete pankhokwe, aitana thadzi lawo: "Iwe nkhuku, ukawauze a dotolo kuti afika bwino, tawaona. Uwauzenso kuti mchere umene ali nawo ndi wa pamphumiwo, ndipo umatuluka bwino munthu akawerama. Khasu lili kuseri kwa khola."

Ndalipeza. N'lolemera kuposa Chilatini.