Mphindi Zisanu za Achimwene

Lolemba, 9 Juni
Olipo: ine, alamu anga, ndi ba Mulenga owotcherera zitsulo, amene andithandiza kutsitsa ndege kutsindwi. Ndege ya malemu achimwene a Saidi. Mapiko mita imodzi ndi theka, injini ya petulo, kawailesi koiwongolera uli pansi. Anaipanga zaka zitatu, osaiulutsa. Kuchipatala anandigwira dzanja: "Uiulutse mphindi zisanu zokha, mlamu wako aone kuti sindinali wamisala." Ndinavomera. Alamuwo, mkazi wa malemu, akubwerera kwawo ku Chipata Lamlungu.

Lachiwiri, 10 Juni
M'kope la achimwene: petulo lita imodzi, oilo mamililita 30. Ndikuyeza ndi jakisoni, kawiri. Injini imayatsidwa pokankha chopukusa cha kutsogolo ndi dzanja. Ndakankha ka 47, zii. Ka 48 chandimenya chala. Ba Mulenga: "Ngati yaluma ninshi ili na moyo, mudala."

Lachitatu, 11 Juni
Yalira! Utsi, fumbi, nkhuku mbwee! Magetsi kulibe kuyambira m'mawa, ndiye komboni yathu yonse ya Kanyama yayesa ndi jenereta. Abwera ndi mafoni anthu 7. Ba landilodi: "Mwenze mwabisa genseti? Tichajeko!" Alamu sanatuluke, koma nsalu ya pawindo yagwedezeka. Chichitikire maliro timangopatsana moni. Dzina la achimwene ndimaopa kulitchula pamaso pawo.

Lachinayi, 12 Juni
Ndaiyeza pa sikelo ya amayi ogulitsa kapenta: makilo 5 ndi magalamu 400. Yalemera. Ndikusuzumira m'mphuno mwake, ndikupeza loko wakale wopanda kiyi, womangidwa ndi waya. Magalamu 300 achabechabe! M'kope sanalembemo. Ndachotsa. Tsopano 5 ndi 100. Masamu anga andikondweretsa.

Lachisanu, 13 Juni
Titachoka ku mzikiti ku Juma, ulendo wa kubwalo la mpira. Kondakitala: "Ndeke ikwera basi? Mapiko yalipile mipando iwiri!" Tayenda pansi, ine mutu, ba Mulenga mchira. Pabwalo tapeza:
tenti ya mapemphero,
masipika 4,
mphepo.
Tabwerera. Chala chatupa.

Loweruka, 14 Juni
6:40 m'mawa, pabwalo lija. Olipo: ine, ba Mulenga, alamu atafunda chitenje, mbuzi zitatu. Ndailiza injini. Ikuthamanga, ikuthamanga, yanyamuka! Alamu aomba m'manja. Kenaka mphuno yaloza kumwamba ngati mbuzi yofuna masamba. Ndikukankha kandodo ka wailesi, siikumva. Yaima m'malere, yapendekeka, phwaa! pa mulu wa miyala ya ophwanya.
Masekondi 11. Zidutswa 23.
Alamu atola mphuno, ayang'ana m'kati. "Loko ali kuti?" Ndatulutsa m'thumba. Iwo: "Achimwene anu ankati popanda ameneyu mutu umapepuka. Ndi wa chitseko chathu choyamba, ku Chawama. Ndinawapatsa ndine."
Sabata yonse anali kuseri kwa nsalu, mamita awiri kuchokera pamene ndinali. Sindinafunse.

Lamlungu, 15 Juni
Basi yanyamuka 7:15. Katundu wa alamu: zikwama ziwiri, mbaula, loko. Ndinayamba kupepesa, anandidula. Iwo pawindo: "Yauluka, alamu. Ndaona ndi maso anga. Sanali amisala." Aseka pang'ono, apukuta m'maso ndi chitenje.
Zidutswa zili m'katoni pansi pa bedi. Ba Mulenga akuti matabwa sawotcherera. Injini ikadali bwino, koma woonerera wapita.
M'kope, pansi pa mzere wa oilo, ndalemba ndi dzanja langa: loko, magalamu 300, osachotsa.
Ndinalonjeza mphindi 5. Ndapereka masekondi 11.
Zotsala kwa achimwene: mphindi 4 ndi masekondi 49.