Bedi la a Sunthani

A Sunthani sankalowa m'nyumba ya munthu n'kutulukamo mipando ili m'malo mwake. Moni ankapereka ali chiimire, maso ali pa kabati. Usanayankhe n'komwe, umangomva: "Iyi sunthani." Dzinalo linachokera pamenepo. Ndineneretu kuti ndikulemba izi mtima ukuwawa. Munthu anasuntha katundu wa m'nyumba zonse za pamzere wathu, koma ife tinalephera kumusunthira bedi limodzi.

Anagwira ntchito yonyamula katundu wa anthu osamuka kwa zaka makumi atatu. Ankati banja loti litha ankalidziwa pongoona pamene paikidwa tebulo.

"Anthu sakangana chifukwa cha mitima," ankatero. "Amakangana chifukwa chopunthwa. Ukagunda chala pa mwendo wa tebulo m'mawa, aliyense amene ukumane naye tsikulo ndi mdani."

Ine ndine telala, ndipo nyumba yathu imayang'anizana ndi yawo. Masiku amenewo ine ndi amuna anga tinkakangana mpaka agalu a pamzere anasiya kuuwa, anazolowera. Tsiku lina a Sunthani analowa mkangano uli pachimake.

"Pitirizani, musandione ine," anatero. "Koma achimwene, gwirani mbali iyo."

Amuna anga, chipongwe chikadali kukamwa, anangopezeka atanyamula mpando. Mipando yathu iwiri yoyang'anizana ija anaiika moyandikana, yonse kuloza pazenera. Katani lakuda analithothola. Makina anga osokera anawachotsa panjira yopita kuchipinda.

"Anthu oyang'anizana amaweruzana," anatero akupukuta thukuta. "Oyang'ana kumodzi amajeda odutsa. Jedani odutsa, ana inu."

Sindinama, tinayamba kujeda odutsa, ndipo ukwati ulipo mpaka lero.

Kwa aphunzitsi, amene ankadandaula mutu tsiku lililonse, anapeza makalendala asanu ndi awiri pakhoma limodzi.

"Aphunzitsi, mukukhala zaka zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi. Mutu ulekerenji kupweteka?"

"Koma zithunzi zake n'zokongola."

"Sankhani chimodzi. Zinazo zipume."

Kwa mwini golosale, amene tulo tinamuthawa, anatulutsa wailesi yakanema m'chipinda ngati akutulutsa mlendo wopanda khalidwe. Tinkawaseka. Ena akawaona akubwera ankakhoma chitseko n'kudzimitsa wailesi. Koma mutu wa aphunzitsi utasiya, anati ndi mapiritsi. Wagolosale atayamba kuliza mkonono, anati ndi mapemphero. Zikomo wa a Sunthani sindinamumve pakamwa pa munthu.

Nyumba yawo inali ngati yoti akusamuka mawa: mipando iwiri, katebulo, duwa m'chitini cha utoto. Koma pabalaza panali zenera lalikulu limene anaboola okha, loloza kotulukira dzuwa.

"Dokotala wanga ndi uyu," ankatero akuligogoda. "Amabwera m'mawa uliwonse, ndipo sachedwa."

Kenako anafa ziwalo mbali imodzi. Mwana wawo anabwera kuchokera kutali ndi galimoto yodzaza chikondi: masofa onenepa, kabati yamagalasi, makatani ofika pansi. Bambo ake anawagoneka m'chipinda cham'kati, chimene kazenera kake kanatsekedwa ndi kabati ya zovala.

"Mwana wanga, ndiike pabalaza, pazenera."

"Bambo, pabalaza ndi pa alendo. Anthu aziti chiyani?"

Mwanayo atabwerera kuntchito, a Sunthani anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Mayi telala, bedi ili ndi lachitsulo, likufuna amuna anayi basi. Kawauzeni."

Ndinawauza. Amuna anga anati Loweruka. Aphunzitsi anati za m'banja la eni n'zovuta kulowerera. Wagolosale anati msana. Ine nanga? Ndinali ndi mayunifolomu a sukulu oti ndimalize, ndipo ndinkadziuza kuti uthenga ndapereka, mbali yanga ndachita. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Masabata asanu anatha choncho.

Tsiku lomaliza kuwaona sanatchulenso za bedi.

"Khoma ili ndalidziwa bwino," anatero. "Lili ndi ming'alu khumi ndi umodzi. Kunja kukuwala?"

"Kukuwala, bambo."

"Chabwino. Ndimangofunsa."

Anamwalira Lachitatu m'mawa, nkhope ili kukhoma.

Tsono mverani izi. Dzuwa lisanafike paliwombo, amuna omwe aja anafika kudzatulutsa katundu kuti anthu olira apeze pokhala. Msana wa wagolosale unali utachira. Aphunzitsi ndiwo ankalamula: "Gwirani uko! Pendeketsani!" Masofa panja, kabati panja, makatani pansi. Bedi lija analinyamula anayi, amuna anga kutsogolo, ngati akunyamula dengu lopanda kanthu. Sizinatenge mphindi khumi, ndinayang'ana wotchi.

M'mawa mwake bokosi la maliro analiika pabalaza, pansi pa zenera lenilenilo. Dzuwa linalowa n'kugona pachivundikiro.

"Apa ndiye pabwino," anatero mwana wawo. "Pakuwala."

Ndinatuluka panja, chifukwa zimene zinafika pakamwa panga sizoyankhula pamaliro.

Lero mzere wathu wabwerera mwakale. Makalendala a aphunzitsi afika anayi. Wagolosale anabwezera wailesi yakanema kuchipinda, ndipo maso ake ndi ofiira ngati kale. Palibenso amene amakhoma chitseko masana, poti palibe woti timuthawe.

Kwathu mipando ikadali moyandikana, koma wanga ndinautembenuzira kukhoma. Zenera lathu limayang'ana zenera lawo, ndipo sindingathe kuliona m'mawa dzuwa likamalowa m'nyumba yopanda munthu. Amuna anga amaona, koma safunsa. Miyezi itatu tsopano ndikukhala chonchi, ndipo palibe amene walowa kudzandiuza kuti sunthani.