Tambala wa Mtovu

Pepani akuluakulu, ine mwachibadwa sindine wolankhula. Ngakhale m'kalasi aphunzitsi akandiloza, mawu amathawira m'mimba. Koma poti basi ikuchedwa, ndipo bambo awa akhala akundiyang'ana pamphumi chifikireni pa depoti pano, bola ndinene ndekha. Eya, nsidze kulibe. Zinapsa. Zikumera, koma mwaulesi.

Ndine Kalebe, kwathu ndi kuseri kwa Manyamula. Chaka chino ndi pomwe ndayamba Fomu Wanu, munthu woyamba m'banja mwathu kuvala nsapato tsiku losakhala Lamulungu. Ndiye inu, tamverani zomwe sukuluyo yandichita pa holide.

Nditafika kumudzi ndinapeza asibweni anga a Yoram, inu a kumwera mumati malume, ali pa nkhondo ndi anyani. Anyani a m'phiri lathu alibe ulemu. Amabwera dzuwa lili paliwombo, kukhala pansi m'munda, n'kumasankha chimanga ngati ali pamsika. Mkulu wawo asibweni anamutcha Foromani, chifukwa sagwira ntchito, amangoloza.

Mfuti inalipo, gogodera yakalekale yomwe agogo anasiya. Zipolopolo ndiye ayi. Asibweni ankaikamo timiyala, akawombera Foromani ankangodzikanda n'kupitiriza kudya.

"Iwe wasukulu," anatero asibweni, "kumeneko akukuphunzitsani vichi? Kapena mumangodya nyemba?"

Ndikanakhala chete monga mwa nthawi zonse. Koma ndinati, "Taphunzira kuti mtovu suchedwa kusungunuka pamoto."

Maso awo anawala. Pansi pa nkhokwe panali chibatire cha lole, chodzaza mtovu m'kati, chomwe anabwera nacho kuchokera ku Chikangawa, komwe ankacheka matabwa. Ine ndinatenga kope langa la sayansi n'kujambula pulani ndi rula, pamwamba n'kulemba kuti MAKINA A ZIPOLOPOLO, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Aphunzitsi athu amati ntchito yopanda mutu si ntchito.

Makinawo anali otere. Tinagadamiza njinga ya a Felesta, akazi awo a asibweni. Ukapalasa ndi manja, mvukuto wa chikopa cha mbuzi unkapemerera mbaula, pambaula panali chitini cha mtovu. Chinatsala ndi chikombole chothiramo.

"Bawo!" ndinatero ine, wophunzira. "Maenje makumi atatu ndi awiri, zipolopolo zonse nthawi imodzi."

"Sukulu njabwino chomene," anatero asibweni, n'kupita kukabwereka bawo la madoda a pagolosale, ati mwana akufuna kuphunzira kutakata.

Inu, bawo ndi thabwa. Izi ndinazikumbukira litayaka kale. Moto utazima tinatola zinthu zonga zitumbuwa, chilichonse chachikulu kuposa kamwa la mfuti. Asibweni anachitembenuza chimodzi m'manja.

"Ichi mwana wa mlongo wanga, n'cha mzinga. Ise mzinga tilibe."

Mawa lake tinaumba chikombole cha dothi la pachulu, maenje ake n'kuboola ndi chala chaching'ono. Ndinati chiume masiku atatu. Koma tikulankhula choncho, Foromani anakwera pachulu chomwecho, chisononkho m'manja, n'kumatiyang'ana uku akutafuna.

"Thira!" anakuwa asibweni.

"Sichinaume."

"Akundinyoza pamaso pa mkazi wanga! Thira!"

Akuluakulu anati mfulumira anadya gaga. Tsamba lonena zomwe zimachitika mtovu wotentha ukakumana ndi madzi tinali tisanafikepo, tikuphunzira temu ino. Ndinawerama bwinobwino kuti ndione sayansi ikugwira ntchito. Phuu! Chikombole chinalavula zonse. Nkhuku zinakwera padenga, mbuzi inadula chingwe, asibweni ankavina buluku likufuka utsi. Ine nsidze zinapita osatsanzika. Ndipo ndikuuzeni, ntchito ya nsidze umaidziwa thukuta likayamba kulowa m'maso.

Utsi usanathe tinamva, "Odi kuno! Chaphulika n'chiyani?"

A Stafford Tembo, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ndi anyamata awo awiri a malaya ofiira. Anali pafupi, akuyang'ana makadi a chipani khomo ndi khomo.

Tasenderani pafupi, izi sizofuula. Inu mukudziwa tanthauzo la kupezeka ukupanga zipolopolo masiku ano. Palibe amene angamve za anyani. Umakwera Landirova ya apolisi ngati chigawenga, ndipo sukulu yomwe amayi anakugulitsira ng'ombe umangoiona kumaloto. Ndinaona nsapato zanga zikubwerera kusitolo zokha.

A Felesta, mayi wanzeru, anali atakhalira kale mfuti, chitenje atachitambasula ngati nkhuku yofungatira. Kope langa, la mutu wa mizere iwiri lija, ndinaligwetsera m'mbaula ndi phazi. Manotsi a temu yonse!

"Makina awa ndi a chiyani, a Yoram?"

Asibweni, munthu amene amakalipira ngakhale mvula, anangondiloza ine. "Fumbani wasukulu, adada. Ine ndimangopalasa."

Ndinalephera kuwayang'ana kumaso, ndiye ndinayang'ana pachifuwa pawo. Pamenepo panali baji ya tambala wakuda, chizindikiro cha chipani.

"Mabaji, bwana," ndinamva pakamwa panga pakunena. "Tikupanga mabaji a chipani. Timafuna chikhale chodzidzimutsa."

"Mwadzidzimutsadi mudzi wonse." Anatola chitumbuwa chimodzi cha m'bawo muja. "Nanga tambala ali pati?"

"Sanalowemo, bwana. Uku n'kuyesa chabe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Loweruka kuli msonkhano pa Manyamula. Ndikufuna mabaji makumi asanu. Akapanda kuoneka, ndidzabwera ndi mafunso ena, ndiponso ndidzafuna kudziwa chifukwa chake mayi awa sakuimirira kupereka moni."

"Msana, adada," anatero a Felesta. "Yewo chomene."

Tsopano vuto ndi ili: ine masamu ndimakhoza, koma zojambula aphunzitsi amandifunsa kuti pepala aligwire chotani. Ndinagoba tambala m'dothi masiku awiri, chikombole n'kuuma bwino ulendo uno. Titathira n'kutsegula, tonse tinawerama kuti tione.

"Bakha," anatero a Felesta.

"Ndi tambala, akungooneka wotopa."

"Kalebe, ine ndimaweta abakha. Uyu ndikumudziwa ndi dzina lomwe."

Asibweni anakhala pansi. "Zipolopolo bola. Kusandutsa tambala wa chipani bakha? Mbwenu tapita tonse, ndi mbuzi yomwe."

A Felesta anatenga msomali n'kukanda katsumba pamutu pa bakha aliyense, tinawapaka mwaye, kumbuyo n'kumata mapini a matewera.

Loweruka pamsonkhano, a Stafford anatenga baji imodzi pamaso pa anthu onse. Anaiyandikiza kumaso. Anaitalikitsa.

"Mnyamata, tambala ameneyu bwanji wanenepa chonchi? Miyendo ili kuti?"

"Wakhuta, bwana," ndinatero ndi kamawu kakang'ono. "Wakhala pansi. M'dziko muno mulibe njala."

Inu, ndani angatsutse zimenezo pamsonkhano? Munthu aimirire anene kuti ayi, tambala ayenera kukhala wowonda? A Stafford anayang'ana anthu, anthu anayang'ana pansi. Kenaka anakweza bakha wanga m'mwamba.

"Mwamva? Izi ndiye timati maphunziro!"

Nthungululu! A Stafford anavala mabaji atatu nthawi imodzi. Koma mtovu ndi mtovu. Ingoma itayamba, a tcheyamani anaponda pansi kamodzi, kawiri, kachitatu malaya anati kwee, kuchoka paphewa kufika pamchombo, bakha mmodzi n'kuwagwera pachala. Anamaliza gule akutsimphina, atagwira chifuwa ngati akuimba nyimbo ya fuko. Madzulo anatiuza mwaulemu kuti chipani chathokoza, makinawo apumule.

Ndiye sukulu ndikubwerera, nsapato zanga izi. Koma mabaji asanu ndi imodzi anatsala, ndipo asibweni sataya chinthu. Dzana anatenga legeni, n'kumudikirira Foromani m'munda. Baji yoyamba inaphonya. Yachiwiri inagwera pamapazi pake penipeni. Foromani anaitola, anainunkhiza, anailuma, n'kuipukuta paubweya. Mpaka lero akuyenda nayo m'manja, chimanga akuthyola ndi dzanja limodzi.

Ndinati, "Asibweni, tiyesenso chikombole china? Tsopano ndadziwa polakwika."

Anapachika gogodera kudenga, n'kupukusa mutu.

"Iwe mwana, ine khadi langa ndi la chaka chatha. Foromani ali ndi baji. Ndikawombera membala, Landirova idzatenga ndani?"