Mphamvu Zanga Zithera pa Ndime 2

Lolemba
Imelo yafika! Mtsogoleri wa gulu lathu lodzipereka, lomasulira pulogalamu yaulere ya pakompyuta m'Chichewa, wandisankha kukhala nthumwi yake ku Mchinji. Imeloyo ndaisindikiza makope awiri pa boma. Anthu anga: Mayi Zulu, omwe ndi nesi; a Mwale, mphunzitsi mnzanga wa ku Mlonyeni; ndi ine. Chigamulo choyamba: mizere 600 yotsala ithe Lachisanu, Loweruka ndiionetse kwa aphunzitsi a zoni yathu. A hedi ndawauza kale.

Lachiwiri
Ndikugawa ntchito: 200, 200, 200. Masamu sakondera.

Lachitatu
Mayi Zulu ali ku katemera kumidzi sabata yonse. "Aphunzitsi, mundilemba kuti ndajomba?" Ndikutsegula malamulo a gulu kuti ndiwawerengere. Ndime 2: palibe wokakamizidwa kugwira ntchito ya gulu. Ndawerenga katatu. Yalembedwa bwino, ndivomereze.

Lachinayi
A Mwale ali m'chigafa, akusankha fodya. "Achimwene, kompyuta siwola. Fodya amawola." Nzoona. Ndiwachotse? Ndime 8: nthumwi sichotsa munthu. Zimene nthumwi ingachite:
kugamula,
kulengeza zimene yagamula,
basi!

Lachisanu
Ndikupempha mtsogoleri asunthe tsiku, kuti kwa a hedi ndikanene kuti lamulo lachokera kumwamba. Yankho: "Bambo, malamulo sandilola kusintha chigamulo cha nthumwi. Mphamvu zonse ndi zanu." Ndiye kuti wosuntha ndi ine ndemwe. Ndikaime pamaso pa a hedi nkubweza mawu anga? Ayi. Mizere yomasulidwa: 231. Yonse dzanja langa.

Loweruka
Aphunzitsi adzaza kalasi, a hedi kutsogolo. Pulogalamu ikupereka moni m'Chichewa. M'manja! Ikufunsa dzina m'Chichewa. M'manja! Kenako ikupitiriza m'Chingerezi mpaka kumapeto. Wina kumbuyo: "Imeneyi yaphunzira pulaiveti!" Phwete kalasi yonse. Modekha ndikuwafotokozera ndime 2 ndi ndime 8, osayang'ana papepala. Palibe akulemba.

Lamlungu
Potuluka m'tchalitchi Mayi Zulu akundipatsa kapepala: mizere isanu ndi inayi, yolemba pamanja. "Ndangofuna ndekha, musati mwandilamula." Ndaiyang'ana, yonse ndi yolondola. A Mwale akuti fodya akapita kumsika tidzaona. Mtsogoleri akufunsa ngati ndipitiriza. Ndipitiriza, malamulowa palibe akuwadziwa ngati ine m'boma lino. Chigamulo chachiwiri: pulogalamu idzatha ikadzatha. Chimenechi onse akuchimvera.