Buku la Kompyuta pa Msewu wa ku Chipera

Nkhani iyi ana anga sindinawauzepo. Ambiri amene anaiona ndi maso anatisiya kale, ndiye manyazi angawa ndiwaulule ndekha.

Inali nthawi ya nkhondo, ine ndikuphunzitsa pasukulu ina ku Fingoe. Msuweni wanga wogwira ntchito ku Songo ananditumizira buku la Chipwitikizi lophunzitsa kompyuta, la anthu oyamba kumene. Kompyutayo ndinali ndisanaionepo, kwathu ngakhale magetsi kunalibe. Koma bukulo silinkachoka m'khwapa mwanga, ndi kutchalitchi komwe, mpaka anthu anayamba kunditcha a Enjenyero. Dzinalo linkandikoma zedi.

Kunena zoona, ndinamva tsamba loyamba lokha, lija lopereka moni. Lachiwiri linati yatsa makina ako. Ndinamwazamwaza maso m'nyumba, munali nyali yamafuta basi.

Pakati pa bukulo ndinapeza ntchito imodzi yosafuna makina. Inati jambula mabokosi ndi mivi yosonyeza mmene umachitira chinthu chimene unachizolowera. Ine chimene ndinachizolowera chinali ulendo wa njinga wokaona amayi ku Chipera. Ndinalemba m'kope: Nyamuka pa Fingoe. Kodi pamlatho pali asilikali? Ngati inde, tsika njinga, dzera m'tchire. Ngati ayi, pitirira. M'munsi mwake ndinakoperamo mizere ya ma 0 ndi ma 1 ya m'bukumo, kuti tsambalo lioneke la munthu wamutu.

Loweruka lina ndili pa ulendo womwewo, ndinangozindikira ndafika pa kontrolo yatsopano, pomwe asilikali ankasecha anthu, mlatho usanaoneke n'komwe. Anthu anawakhazika padzuwa m'mbali mwa msewu, ena mwa iwo makolo a ana anga asukulu. Pansi pa mtengo panali amuna awiri omangidwa. Tonse tinkadziwa kuti amene watengedwa kupita kuseri kwa phiri sabweranso.

Msilikali wina anakhutula chikwama changa, natsegula kope. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mivi.

"Mapu awa ndi a yani?"

"Si mapu, kamarada. Ndi za kompyuta."

"Nanga manambalawa? Mukuwamva?"

Apa ndi pomwe ndinadzipha ndekha. Ndinayang'ana makolo aja, onse maso ali pa ine, ndipo pakamwa panga panayankha pokha.

"Kwambiri."

A Fulansisiko, bambo wa mwana wina wa m'kalasi mwanga, anati andithandize. "Musawavute, bwana. Awa ndi a Enjenyero, amalankhula ndi makina akutali!"

Chingwe chinabwera nthawi yomweyo. Anandimanga manja kumbuyo n'kundikhazika pamodzi ndi awiri aja. Mantha amene ndinamva pamenepo sindidzawaiwala. Ndinkangoganiza za amayi, kuti adzandidikira mpaka liti.

Kenaka anaitana komandante. Anali munthu wowonda, magalasi ake omanga ndi waya. Ndinamva pambuyo pake kuti anaphunzirako kunja nkhondo isanamuitane. Kope analiyang'ana pang'ono chabe, koma buku analigwira ngati mwana wakhanda. Anakhala pamwala n'kuyamba kuwerenga, tsamba ndi tsamba, akugwedeza mutu. Anthu aja akupsa ndi dzuwa.

"Aphunzitsi," anatero osadzutsa nkhope, "mwati izi mumazimva?"



Analemba 101 padothi ndi kamtengo. "M'chiwerengero cha makina, iyi ndi ngati?"

"Zana limodzi ndi chimodzi, kamarada komandante."

"Ndi zisanu. Nanga iyi?" Analemba 10.

"Khumi."

"Ziwiri." Anavula magalasi. "Kompyuta munaionapo?"

Ndinayang'ananso makolo aja, ndinayang'ana phiri. Ulemu unandithera pomwepo.

"Sindinaionepo."

"Kwezani mawu, ena sakumva."

"Sindinaionepo! Bukulo ndinamva tsamba loyamba lokha. Manambalawo ndinangokopera kuti anthu azinditama."

Misozi inali ikutsika, mamina nawo, manja omangidwa osatha kupukuta. Palibe anaseka. Ndikanakonda akanaseka, chifukwa chete ameneyo anandipweteka kuposa chingwe. A Fulansisiko anangozolika.

"Nanga za kudzera m'tchirezi?"

"Ndimaopa, kamarada komandante. Ndimaopa inu, ndimaopanso a mbali inayo."

Anapumira m'mwamba, nang'amba tsamba lija m'kope, n'kulipinda m'thumba mwake. Buku analipanira m'khwapa.

"Ili litsala ndi ine. Ndi buku labwino, losavuta, ngakhale mwana akhoza kulimva." Anatembenukira kwa msilikali uja. "Mmasule. Adani akanakhala ndi akazitape otere, bwenzi nkhondo itatha kale."

Amuna awiri aja ndinawasiya pansi pa mtengo, ndipo za iwo sindinamvenso. Ine ndinakankha njinga mpaka ku Chipera. Lolemba ndinaima kutsogolo kwa kalasi, ana onse atamva kale kunyumba kwawo kuti mphunzitsi wawo anapulumuka chifukwa asilikali anamuyesa mayeso n'kumupeza kuti ndi mbuli yeniyeni.

Buku la oyamba kumene limamveka kwa amene anayamba kale, enafe limangotimangitsa.