Nkhondo ya Nsapato Zopanda Zinzake

Tcherani khutu, inu ana a Bangwe, mumve za chaka cha 2012, pamene mafuta anasowa ndipo maminibasi ankagona pamzere ngati ng'ombe zodwala, pakuti m'masiku amenewo munabuka nkhondo imene mpaka lero anthu amaitchula motsitsa mawu.

Bwalo la nkhondoyo linali kachipinda kamene Onesimo, Ng'ona ya ku Nsanje, Wosataya-kanthu, anamanga kuti kakhale bafa. Koma madzi atakana kukwera chitunda, kanasanduka kosungiramo zovala. M'menemo ngwaziyo inaunjika nsapato makumi atatu, iliyonse yopanda inzake, zimene inkatola pa kaunjika ku Limbe ndi chikhulupiriro chakuti tsiku lina belo lidzabweretsa zinzake.

Loweruka lina mkazi wake Bernadeta, Mkango wa Mphakati, Wosabwereza-mawu, analowamo kukafuna chitenje cha gulu la amayi. Mawa lake ndiye ankatsogolera mdipiti wa zopereka kutchalitchi, ulemu umene anaudikira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mayi wopanda chitenjecho amakhala kumbuyo ndi ana. Anafukula ngodya zonse, chitenje osaoneka. Kenako jombo inatsika pashelefu n'kumugogoda pachipumi.

"Bambo a Jennifer," anatero Mkango ataima pakhomo, "ndinapirira nanu njala, ndinapirira mkonono wanu. Lero musankhe: ine kapena zinyalala zanuzi."

"Mayi a Jennifer," inayankha Ng'ona itagwira pachifuwa, "kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsapato iliyonse ili ndi mwamuna wake, ndipo amunawo ali m'njira, akubwera pa sitima."

"Adzawapeza kudzala akazi awowo."

Pamenepo nsapato zinayamba kuuluka pawindo, nkhuku zinathawira kwa aneba, ndipo Onesimo ankadumpha pabwalo ngati goloboyi, kuwakha imodzi, kuphonya zitatu. Pansi penipeni pa muluwo Bernadeta anapeza chitenje chake chitakulunga nsapato yakuda, yachikopa, yakumanzere, mfumu ya zonse.

"Chabwino chimasungidwa m'chabwino," anatero Onesimo.

Mkango unakweza nsapatoyo m'mwamba, ndipo ndikulumbira kuti tsiku limenelo tikanaika maliro, pakanapanda Evelina, mneba amene ankandandalika pakhonde nsapato zophedwa pankhondoyo. Iye ananyamula ina yakuda n'kufunsa, "Kodi iyi si inzake ya iyo?"

Anaziika pamodzi. Chikopa chimodzi, chidendene chimodzi, msoko umodzi. Yakumanja Onesimo anaigula mu 2005, yakumanzere mu 2009, ndipo zinagona m'kachipinda kamodzi zaka zitatu osaonana, chifukwa cha unyinji wa zinzawo. Onesimo anakhala pansi n'kulira, ndipo nanenso ndinamumvera chisoni.

Pangano la mtendere linalembedwa kuseri kwa kalendala: makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zipite kudzala, zitenje zipindidwe pashelefu yapamwamba, ndipo chinthu chatsopano chikalowa, chakale chizituluka. Aneba anaimba nyimbo ya ukwati, Evelina n'kuwaza nsapato ziwirizo ufa.

Lamulungu Bernadeta anatsogolera mdipiti, chitenje chikununkha polishi. Kumbuyo kwake kunkabwera Ng'ona ya ku Nsanje itavala nsapato ziwiri zija, mutu uli m'mwamba, misozi ili m'maso, ikutsimphina miyendo yonse iwiri. Nsapatozo zinali saizi seveni, iye amavala naini. Zaka zonsezo anali asanaziyesepo.