Maliro Amene Munandigulitsa, Bwana

Gaithersburg, Maryland
15 Disembala 2008

Kwa Bwana Mkulu wa Akuluakulu,
Kampani ya Galimoto ya Dunmarsh

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ngakhale simukundiona. Ndine Mikidadi Kalekeni, Mmalawi, munthu wamba amene ntchito yake ndi kuimika galimoto za eni ake m'galaja ya pansi pa nthaka ku Foggy Bottom. Simungandikumbuke, ndipo sindikudandaula, chifukwa anthu a msinkhu wanu sayang'ana nkhope ya wolandira kiyi. Koma ine ndikukukumbukani bwino. Munaimika galimoto kwathu sabata yatha, tsiku lija munadzapempha boma kuti ligwire kampani yanu pamkono isanagwe chafufumimba. Potuluka ku msonkhano munalimbana ndi chitseko cha galimoto ya munthu wina kwa mphindi zisanu, uku mukutukwana kiyi, mpaka ndinabwera kudzakulozerani yanu, imene inali pambali pomwepo. Musachite manyazi. Zonse ziwiri ndi za kampani yanu, ndipo zimangosiyana dzina la kumbuyo.

Ndawerenga m'nyuzi kuti mwaganiza zokonzanso mitundu ya galimoto zanu: pa mayina asanu ndi atatu mupha asanu, mutsale ndi atatu. Ndawerenganso kuti dzina limene mwasankha kuti linyamule tsogolo la kampani ndi la galimoto yanga yomwe, Maliro. Akuti analipeka ndi akatswiri anu, ati limamveka ngati Chitaliyana. Sindinafikeko ku Italiya, ndiye sinditsutsa. Ndingokudziwitsani mwaulemu kuti kwathu maliro ndi chimene chimachitika pakhomo munthu akamwalira.

Mufunsa kuti nanga ndinaiguliranji. Inali yokhayo imene thumba langa linaikwanitsa, ndipo ndinadziuza kuti mawu a kwathu sawoloka nyanja. Ndinanama. Loweruka likubwerali mwana wanga mmodzi yekhayo, Saumu, akukwatiwa, ndipo amayi anga alumbira kuti mdzukulu wawo sapita ku ukwati wake atakwera Maliro. Ndiye chifukwa chake ndikulemba mothamanga. Koma munthu woleredwa bwino sapempha asanathokoze, tsono lolani ndiyambe ndi kuthokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa chogwirizanitsa abale anga. Tsiku limene ndinagula galimotoyi, mu 2003, ndinaimba foni kumudzi ku Namwera ndi kakhadi kokanda kaja. Ndinangoti, "Amayi, kuno tili ndi Maliro," kakhadi n'kuthera pomwepo. Ndinati palibe kanthu, ndiimbanso mawa. Pofika mawalo mipando anali atatulutsa kale m'nyumba, mbuzi itagwa, ndipo azakhali anga, amene sanalankhulane ndi amayi zaka khumi ndi ziwiri, anali atafika akulira kuchokera kumsika. Poti sanadziwe amene wamwalira, anatilira tonse atatu mosinthana: ine m'mawa, mayi a Saumu masana, Saumu chakumadzulo. Ndinamva pambuyo pake kuti amene analiridwa pang'ono ndine, ndipo zimandipwetekabe. Kuti mtima wa amayi ukhale pansi, ndinawanamiza kuti galimotoyo ndagulitsa.

Chachiwiri, zikomo pondipulumutsa kwa opempha lifiti. Amalawi ena kuno amadandaula kuti galimoto zawo zasanduka minibasi. Ine ayi. A Norah, mayi wachikulire wodwala mawondo, anasankha kudikira basi pa chipale chofewa ku Shady Grove kusiyana ndi kukwera yanga. Ndikafika pa zisangalalo za Amalawi, ana amathamangira m'nyumba akukuwa kuti Maliro afika, ndipo ngakhale zaka zisanu zapita, pamakhalabe mayi mmodzi amene amagwetsa mbale. Mnzanga Kingsley wa ku Lusaka, amene timagwira naye ntchito, anaizungulira kawiri n'kunena za dzinalo m'chilankhulo cha kwawo kuti, "Mudala, motoka ili che bwino, manje zina ndiye yavuta." Nayenso amakwera sitima.

Chachitatu, ndipo apa ndikuwomba m'manja, zikomo pothandiza maphunziro a akulu. Amayi anga anafika mwezi watha kudzaona ukwati. Ndinapita kukawatenga ku bwalo la ndege la Dulles mtima uli zii, podziwa kuti sawerenga. Sindinadziwe kuti kwa zaka zitatu akhala akupita ku sukulu ya kwacha, ndipo anabisa dala kuti adzandidzidzimutse. Tikuika chikwama m'buti, ndinawaona akuyendetsa chala pa zilembo zanu zonyezimira zija, milomo ikugwedera: "Ma... li... ro." Bwana, amenewo ndi mawu oyamba amene amayi anga anawerenga okha m'dziko la Amereka. Anakhala pa chikwama chawo pomwepo, pakati pa magalimoto, mphepo ikuwomba, n'kundiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikaba shuga. Kunyumba tinapita pa basi ziwiri ndi sitima. Galimoto ndinakaitenga mawa lake, ndekha.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha kulimba kwa ntchito yanu. Ena amakunenani kuti galimoto zanu sizikhalitsa. Sanayese kuchotsa dzina. Ndinatokosa zilembo zonse zisanu ndi chimodzi ndi mpeni wa kukhitchini, n'kupeza kuti penti ya galimoto yonse inasuluka kalekale kupatula pansi pa zilembozo, moti tsopano dzinalo likuwerengeka kuchokera kutsidya kwa msewu. Munalidindanso pa chiwongolero, munalisoka pa mipando, ndipo ndikaliza injini limayaka lobiriwira patsogolo panga, ngakhale masiku amene injiniyo yakana. Ndinapita kumene ndinaigula kuti andithandize. Ndinapeza atatseka, pakhomo pangotsala mabaluni ophwa. Potsiriza mayi a Saumu anati tiiphimbe ndi nsalu yoyera, poti ndi ukwati. Tinaiphimba bwinobwino kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kuitana amayi kuti adzaone. Anatuluka, n'kugwira kumutu. Anati mpaka pano anali maliro a dzina lokha, koma tsopano tawagulira ndi sanda yomwe, nsalu yokulungira mtembo.

Ndathokoza mokwanira. Tsopano mundilole ndiikepo mlomo pa mapulani anu, ngakhale sukulu yanga inathera panjira. Nyuzi ikuti pansi pa dzina lokondedwali mudzakhala Maliro a Banja, a mipando isanu ndi iwiri, Maliro Othamanga, a achinyamata, ndi Maliro Aakulu, a mabwana okhaokha. Ikutinso cholinga chanu n'chakuti pofika 2010 pakhomo lililonse mu Amereka padzakhale Maliro. Ndinawawerengera amayi mawu amenewa. Anafunsa ngati boma likudziwa, ndipo nditawauza kuti boma lomwelo ndi limene mukulipempha kuti likuthandizeni, anapita kukalongedza katundu wawo. Tinachita kuwagwira miyendo.

Maganizo anga ndi awa. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikulowa ndi kutuluka m'galimoto zanu za mitundu yonse isanu ndi itatu, ndipo nditatseka maso sindingakuuzeni kuti ndili mu iti. Chitseko chimalira chimodzimodzi, mpando umapendekera mbali imodzimodzi. Mukuvutikiranji kusankha mayina oti muphe? Pangani galimoto imodzi, monga mukuchitira kale, ndipo wogula muzimupatsa kathumba ka zilembo ndi ulimbo, akadzitchulire yekha kunyumba ataonana ndi akuluakulu a kwawo. Misonkhano ichepa, ndipo akatswiri anu a Chitaliyana apeza mpata wopuma.

Koma ngati mtima wanu wakakamira pa mitundu itatu, musaigawe potengera olemera ndi osauka. Igaweni potengera matenda. Mtundu woyamba ukhale wa zija zimene zenera likatsika silikweranso. Wachiwiri wa zija zimene zimakana kudzuka kukazizira. Wachitatu wa zija zimene chogwirira chitseko chimatsalira m'manja. Munthu azisankha yekha nthenda imene angathe kuipirira. Izi ndakupatsani ulere, ndipo mukazitchula pamaso pa boma musavutike kunena dzina langa.

Bwana, apa ndasiya nthabwala, chifukwa mtima ukundiwawa. Mkamwini wanga Luqman ndi mnyamata waulemu, ndilibe naye chifukwa. Koma ali ndi amalume ake, a Sheriff, ogwira ntchito ya zofufuza za mankhwala ku Bethesda, amene ali ndi galimoto yakuda ya ku Jeremani. Atangomva za vuto langa anaimba foni, mawu ali ofewa ngati buledi, kunena kuti ndisadandaule, mkwatibwi adzamutenga iwo, ine ndidzangotsatira pambuyo. Ndamva kuti aitsuka kale kawiri. Ine moyo wanga wonse kuno ndautha ndikutsegulira zitseko ana a anthu ena. Sindinamumangire Saumu nyumba, sindinamutumize ku sukulu za mayina. Chimene ndinadzilonjeza n'chimodzi chokha: kuti tsiku la ukwati wake ndidzamutsegulira chitseko cha galimoto yanga, ndi kumuyendetsa ndekha mpaka pakhomo la mzikiti. Mwanayo anaphunzirira kuyendetsa m'galimoto yomweyi, ndipo chibooboo cha kumanzere ndi ntchito ya manja ake. Ndikamulankhula m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi chawo chija kuti ndi galimoto chabe, iye akufuna adadi ake. Koma agogo ake sangawadutse, ndipo inenso sindingalole kuti awadutse.

Dzulo ndinakhala pansi pa kapeti pamaso pa amayi, monga mwana, n'kufunsa chimene chingawatembenuze mtima. Anandifunsa ngati galimotoyi ndinaibereka ndine. Ndinati ayi. Anati ndiye ndaonongeranji mpeni wa mkazi wanga? Kwathu dzina loipa silichotsedwa ndi wolinyamula, ngakhale ndi bambo wake womulera. Amalichotsa ndi amene anatcha, pakamwa pake, n'kuikapo lina. Anati ndikamupeze munthu ameneyo, avomere kuti analakwitsa, atchule lina, ndipo iwo adzakwera kutsogolo. Ndinawauza kuti munthuyo ndi wamkulu zedi, amalankhula ndi nduna, sangamve za woimika galimoto. Anati wamkulu amene sangathe kusintha dzina la mwana wake ndi wamkulu wa chiyani. Ndiye ndakubweretserani funsolo momwe lilili.

Pempho langa tsono ndi laling'ono. Sindikupempha galimoto yatsopano. Ndazidziwa zonse, zikomo. Ndikupempha kapepala kamodzi, ka mizere iwiri, kosainidwa ndi dzanja lanu ndi kudindidwa chidindo, konena kuti galimoto ya Mikidadi Kalekeni, yofiirira, ya chibooboo kumanzere, kuyambira lero si Maliro. Dzina latsopano musankhe nokha. Muli ndi asanu amene mukukataya kudzala, lililonse landikwana. Mulembe ndi zilembo zazikulu, chifukwa amayi anenetsa kuti adzawerenga okha. Kafike Lachisanu ndisanapite kukaswali masana, poti madzulo ake ndi pamene a Sheriff akufuna yankho. Mukachita zimenezi, mudzakhala mutakonza galimoto imodzi chaka chino, ndipo ine ndidzakhala mboni yanu kulikonse.

Ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, ndipo mwina kalatayi ikupezani mukuyesa kiyi pa chitseko china. Kapepalako kakapanda kufika sindidzakwiya. Saumu adzakwera ya ku Jeremani, amayi adzakhala pambali pake, ndipo ine ndidzabwera kumapeto kwa mdipiti, pang'onopang'ono, misozi ndikuimeza. Zikadzatero ndikupempha chimodzi chokha, mwa ulemu wonse umene ndili nawo. Mpando wa kutsogolo udzakhala wopanda munthu. Bwerani mudzakhalepo, mutavala suti yanu yakuda ija ya sabata yatha, ndidzakutsegulira chitseko ndekha. Alendo ochokera kutali, amene sakudziwa nkhaniyi, akadzawerenga kumbuyo n'kufunsa kuti kodi malirowa ndi a ndani, ndisadzavutike kufotokoza. Ndidzangokulozani.

Ine wanu wogwira chipewa m'manja,

Mikidadi Kalekeni
Woimika galimoto, Foggy Bottom